Tsiku limene tinachapa tiyi ndi sopo

Anandilanda mpeni. Osati munda, osati nyumba, koma kampeni kotalika ngati chala ichi, kamene ndinkadulira tiyi ku nazale ya pa esiteti. Ntchito ya ku nazaleko inapita limodzi ndi kampeniko. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndimakudziwani ana inu, nkhani ikangotalika maso amathawira pa foni.

Tadala, tula chidebe icho pansi. Inde, chathovucho. Ndakuona ndili pakhonde pano ukulunjika nacho kuseri kwa nyumba, ku shedi ya mbande zanga. Ukuti pamasamba pagwa nsabwe zija zakuda, ndipo kusukulu anakuuzani kuti madzi a sopo amazipha. Aphunzitsi ako sindikuwatsutsa. Koma iwe wakhuthuliramo theka la paketi, ndipo m'dzanja linalo wanyamula chinkhupule chotsukira mbale. Khala apo. Yamikani, nawenso khala, ndipo usamuseke mlongo wakoyo, chifukwa madziwo watunga ndiwe.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma musaganize kuti mutu unali wouma. Pa masamu ndinkamuposa ngakhale mwana wa mphunzitsi wamkulu. Bambo anga atamwalira, amalume anabwera kwathu ku Khwethemule, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati akugula mbuzi. "Uyu wakula. Mawa akalembetse ku esiteti," anatero. Basi. Panalibe wondifunsa. Makope anga anathera kukulungira fodya wa amalume omwewo. Ndinalowa ntchito ndili ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo sunachoke, wangokalamba nane pamodzi.

Ku esiteti tinkapita wapansi, opanda nsapato, mame akulasa zala. Kabaza kunalibe. Inu mukatumidwa mchere pa golosale apo mumayamba mwafunsa ngati mukwere njinga. M'thumba tinkanyamula makaka owiritsa, chinangwa choumitsa chija, tsiku lamwayi kalongonda wokulunga m'tsamba la nthochi. Kalongonda inu mumamukana, mukuti ndi chakudya cha okalamba. Mungamuphike n'komwe? Amafuna tsiku lathunthu pamoto, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Inu mphika ukachedwa pang'ono mumayamba kuyasamula.

Mwayi wanga unali woti sananditumize kukathyola tiyi. Anandiika ku nazale, pansi pa kapitawo wina dzina lake a Mulipa, munthu wamfupi amene Chichewa chake chinkatsamira ku Chilomwe. Tiyi wa pa esiteti sadzalidwa ndi njere. Umadula kamtengo kafupi kokhala ndi tsamba limodzi, n'kukazika m'kachubu kodzaza dothi, kenako n'kuvundikira ndi tenti ya pulasitiki pansi pa shedi ya udzu. Tsamba limodzilo ndilo limadyetsa kamtengoko mpaka mizu ituluke. Likafa msanga, zonse zathera pomwepo.

Tsiku loyamba lomwelo a Mulipa anandimenya padzanja.

"Tsamba siligwiridwa kumaso, mwanaka. Gwira pakhosi, pa kamtengo."

"Ndi tsamba chabe," ndinayankha motero, poti pakamwa panga panalibe chitseko kuyambira kale.

Sanakalipe. Anathyola masamba awiri. Lina analitikita pakati pa zala mpaka linasiya kuwala, linalo sanalikhudze. Anatunga madzi m'manja n'kuwaza pa onse awiri. Pa tsamba losakhudzidwa madzi anasanduka timikanda, tinagubuduka n'kugwa, tsamba n'kutsala louma ngati silinaone madzi. Pa lotikita lija madzi anayala n'kukhala.

"Waona? Ili lavala, ili lavula," anatero. "Tsamba lililonse limabadwa ndi phula lake. Lopyapyala, maso saliona bwino, koma lilipo. Ukalichotsa waitana chuku."

Inu phula limeneli mumalidziwa, kungoti simuganiza. Kaufa koyera kamene kamatsala m'manja mukagwira nzimbe pafupi ndi mfundo, ndi lomwelo. Kutuwa kwa tsamba la kabichi kumene kumachititsa kuti madzi azithamangapo, ndi lomwelo. Yamikani, iwe umapukuta mapeyala ndi malaya kuti awale ukamakagulitsa kumsewu, kenako umadabwa kuti otsala ayamba madontho msanga. Usandiyang'ane choncho, ndimakuona.

Chuku chimene chimapha masamba sichibwera ndi miyendo. Chili ndi fumbi lake losaoneka limene limayenda ndi mphepo, ndipo limatera paliponse, ngakhale pamphuno pako apo. Likatera pouma limangokhala, silingachite kanthu. Limafuna madzi okhalitsa kuti limere katsitsi kake, ndipo likamera liyenera kuboola kuti lilowe m'kati mwa tsamba mmene muli chakudya. Tsamba la phula limakana ziwiri zonsezo. Madzi sakhalapo, amagubuduka n'kukokolola fumbi lija. Ngakhale lina litatsalira n'kumera, limapeza khomo lotseka. Koma pamene pakalika, pamene patikitika, pamene phula lachoka, ndi polowera. Zimenezi sindinaziwerenge. Ndinaziona ndi maso awa, nyengo ndi nyengo, nditagwada pakati pa mabedi a mbande.

Mpeni uja ndinausulitsa ndekha. Ya kampani inali yobuntha, inkatafuna kamtengo m'malo modula. Ndinatola chidutswa cha sowo yothyoka, n'kupita nacho kwa wosula zitsulo ku Khonjeni. Masiku amenewo pa Khonjeni pankaima sitima, ndipo anthu ankathamangira kumawindo ndi nthochi ndi nzimbe. Inu mumangoona njanji ili phee, mbuzi zikudya pakati. Chigwiriro ndinasema ndekha, cha mlombwa, ndipo ndinaotchapo timabowo titatu ndi msomali kuti wina asanamizire kuti ndi wake. Ndinkaunola m'mawa uliwonse n'kuutsuka ndi madzi otentha. Unkadula kamodzi, tswa, podulapo pali see. A Mulipa atauyesa anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Iwe setifiketi yako ndi imeneyi."

Mawu amenewo ndinawasunga. Anzanga a m'kalasi ena anali akuvala mataye m'maofesi. Ine ndinali ndi mabedi anga, ndipo mbande zanga zinkagwira kuposa za wina aliyense. A Mulipa atapuma ntchito chifukwa cha maso, ine ndi amene ndinkatsogolera odula, ngakhale dzina la ukapitawo sanandipatse.

Ku nazale komweko kunali mtsikana wina wodzaza dothi m'machubu, dzina lake Esitere. Inde, anganga anu omwewa. Nthawi imeneyo sankandifuna n'komwe. Ankanditcha a Pulofesa, chifukwa ndinkakalipira aliyense wogwira tsamba kumaso. "A Pulofesa afika, bisani zala!" ankakuwa motero, anthu n'kumaseka.

Kenako kunabwera a Chirwa, wachiwiri kwa manijala, kuchokera kutali kumene tiyi amangomuona m'kapu. Anali wamsinkhu wanga, koma iwo anali ndi dipuloma, njinga yamoto ndi masokosi oyera. Sindinganame kuti anali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha, ndipo wamantha akakhala ndi udindo amapweteka kuposa wankhanza.

Inali nyengo yozizira ikupita kumapeto. Matenti tinali titayamba kuwatsegula kuti mbande zizolowere mphepo, ndipo zinali zitatulutsa timasamba tatsopano tanthete. Pafupi ndi nazale pankadutsa msewu wa thirakitala, ndiye fumbi lofiira linakuta masamba onse. Pena panali nsabwe ngati zimene waona iwe Tadala, zimene zimasiya tomatamata, fumbi n'kukanirira pamenepo.

Lachitatu a Chirwa anaimitsa njinga yawo pachipata.

"Iwe Lufeyo, masamba awa afiira chonchi bwanji?"

"Ndi fumbi la thirakitala, bwana. Tikamathirira lizichoka lokha pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono? Lachisanu kukubwera akuluakulu a ku likulu. Ndikufuna apeze nazale ikuwala. Mukatenge sopo wa ufa ku sitolo, mung'ambe masaka akale, tsamba lililonse mulipukute."

Ndinaganiza kuti akuseka. Nditaona kuti sakuseka ndinati, "Bwana, sopo adya phula."

"Phula lanji? Waona njuchi muno?"

"La pa tsamba, bwana. Sopo amachotsa mafuta m'mbale, achotsanso apa. Chiguduli chimaliza zotsalazo. Masamba awa ndi anthete."

"Zimenezo unaziwerenga m'buku liti?"

"Sindinawerenge. Ndinaona."

"Sukulu unalekera pati?"

Anthu onse anasiya ntchito. Ankadziwa yankho, iwonso a Chirwa ankalidziwa. Ankangofuna kuti lituluke pakamwa panga.

"Sitandade 7."

"Ndiye gwira chiguduli."

Njinga italilima kupita, Esitere anandiponyera chidutswa cha saka pachifuwa. "A Pulofesa, gwirani ichi. Phula silidyedwa."

Tinachapa masiku awiri. Anthu akuluakulu, ena a zidzukulu, titagwada, tikusambitsa tiyi ngati makanda. Thovu linayenderera m'tinjira ta pakati pa mabedi. Manja anasupuka. Ine tsamba lililonse limene ndinkapukuta ndinkamva likulira pansi pa chala, tswii, monga imachitira mbale ikatha mafuta. Bedi limodzi lokha, la kuseri kwa thanki ya madzi kumene alendo sakanafika, ndinauza anzanga kuti ndichapa ndekha. Sindinalichape. Ndinangolithira madzi oyera kuchokera m'mwamba n'kulisiya ndi fumbi lake lotsala.

Lachisanu akuluakulu aja anabwera pa magalimoto awiri. Anayenda mzere umodzi, manja ali kumbuyo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama. Wina anajambula chithunzi, wina anawagwira a Chirwa paphewa, n'kupita kukadya. Nthawi imene anakhala m'nazale siikanakwana kuwiritsa dzira.

Loweruka dzuwa litakwera, masamba onse anagwetsa makutu ngati galu wodwala. Phula lija silitchinga chuku chokha, limasunganso madzi a m'kati mwa tsamba kuti asathawe. A Chirwa ataona kufota kuja anachita mantha. Analamula kuti tizithirira katatu pa tsiku, ndipo matenti onse titsekenso. Ndinawauza kuti taonani, bwana, madzi sakugubudukanso, akungoyala pamasamba ngati pa nsalu yakutha, tikatseka sauma. Tinatseka basi. Ndipo ngati kuti kumwamba kunamva, chiperoni chinatsika, nkhungu ndi kamvula kowaza, masiku angapo dzuwa osaoneka.

Titatsegula tenti yoyamba, fungo ndi limene linayamba kutiuza. Fungo la chovala chonyowa chimene chaiwalika m'dengu. Masamba anali ndi mawanga abulauni, ozungulira, pakati potuwa. Pena mawangawo anali atakumana, tsamba lonse lapsa ngati lawauka ndi moto. Ukangokhudza, n'kuthothoka. Tinatsegula yachiwiri, yachitatu, mpaka kumapeto. Ntchito ya chaka chathunthu. Ine ndinathamangira kuseri kwa thanki. Bedi lija linali lobiriwira, lafumbi pang'ono, timikanda ta madzi tili mbwee pamasamba, apa ndi apo kadontho kamodzi. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Ndinati lero aona. Ndinali chitsiru.

M'mawa mwake, pabwalo pamene tinkaitanidwa mayina, kunabwera manijala wamkulu. A Chirwa anaima pambali pake, maso ali ofiira ngati sanagone.

"Lufeyo, tulutsa mpeni wako," anatero a Chirwa.

Ndinautulutsa. Anautenga n'kuukweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Onani, bwana. Si wa kampani uwu. Chitsulo chotola kudzala, chosula kumudzi. Mbande zonsezi anadulira umenewu. Matenda alowera pamenepa."

"Bodza," ndinatero. "Bedi la kuseri kwa thanki ndinadulira mpeni womwewo. Pitani mukalione. Lili moyo chifukwa sindinalichape ndi sopo."

Manijala wamkulu anatembenukira kwa ine. Kenako anafunsa mofatsa, "Ndiye ukuvomera kuti unapatsidwa lamulo, iwe osamvera?"

Nkhani inathera pamenepo. Kuchokera pabwalo paja kufika kuseri kwa thanki unali mtunda ngati kuchokera pano kufika pa mjigo apo. Palibe anapita. Anzanga amene tinagwada nawo m'thovu anangoti zyoli, aliyense akuganiza za ana ake. Sindiwada. Munthu mmodzi yekha anatsegula pakamwa.

"Tinachapa ndi sopo tonsefe, ndipo analamula ndi awo," anatero Esitere, akuloza a Chirwa ndi chala. "Onani manja angawa mmene asupukira. Mpeni umasupula manja a munthu wodzaza dothi?"

Tsiku lomwelo tonse awiri anatichotsa ku nazale n'kutipatsa madengu othyolera tiyi. Mpeni unalowa m'thumba la malaya a a Chirwa, akuti ukhale umboni. Ndiye mukamadabwa kuti pakamwa pa anganga anu ndimapapirira bwanji zaka zonsezi, yankho lake ndi limenelo. Musakawauze, angayambe kudzimva.

Zaka za dengu sindizikamba zambiri, zonse n'zofanana. Dzinja mvula kumsana, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka zala kuchita dzanzi. Chilimwe tiyi akachepa, kudulira ndi kupalira. Msana uwu unapindikira kumeneko. Koma maso sanasiye ntchito yawo. Ndinkaona kuti masamba okhwima a m'munsi, olimba, onyezimira okha, chuku sichiwapeza wamba. Koma kukagwa matalala, pakatha masiku ochepa mawanga amayamba ndendende pamene tsamba lang'ambika. Ndinkaona, koma womuuza panalibe. Wothyola tiyi safunsidwa maganizo, amafunsidwa kulemera kwa dengu.

Mbande za bedi langa lija anazidzala pamtunda wina woyang'ana kumsewu. Zilipo mpaka lero, zikuthyoledwa. Ndikadutsapo sindiyang'anako.

Nditatopa ndinabwerera kuno kumudzi, n'kudzala mizere yanga yochepayi, ndi kashedi kamene umafuna kukasambitsa iwe. Ndimadulira lezala yometera. Imadula ndithu, koma ilibe chigwiriro, ndipo zala zanga masiku ano zimanjenjemera.

Dzinja lapitalo analengeza kutchalitchi kuti alimi a tiyi ang'onoang'ono tikakumane ku Khonjeni, kukubwera mlangizi wodziwa za nazale. Anganga anu ndi amene anandikakamiza. "Pitani, mwina mukaphunzira kumwetulira." Ndinakwera kabaza, mnyamata wake akuthamanga ngati wanyamula thumba la chimanga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Mlangizi anatsika m'galimoto, wadazi, wamimba, wamagalasi. Ndinawazindikira pa kayendedwe. Anali a Chirwa.

Anaphunzitsa bwino, zimenezo sindiwamana. Anathyola masamba awiri, lina analitikita, n'kuwaza madzi pa onse. Anatchula dzina lalitali lachingerezi, kenako anati m'Chichewa tingoti phula. Anthu anagwedeza mitu. Ndiye anati, "Ndikuuzeni nkhani. Kale pa esiteti ina, antchito osaphunzira anatenga sopo n'kuchapa mbande kuti ziwale. Nazale yonse inatha psiti." Anthu anaseka. Iwonso anaseka. Kenako anapisa m'thumba kuti ationetse kadulidwe, ndipo anatulutsa kampeni ka chigwiriro cha mlombwa, chitsulo chake chitapyapyala ndi kunola.

Mawondo anga sakonda kuimirira mwadzidzidzi, koma tsiku limenelo sanandifunse.

"Bwana, tembenuzani chigwirirocho. Pali timabowo titatu tootcha ndi msomali."

Anatembenuza, ngakhale ndikhulupirira kuti chala chawo chinkatidziwa timabowoto kuposa changa.

"Ndinu ndani, bambo?"

"Ndine wosaphunzira uja."

Anavula magalasi, n'kuwavalanso. "A Lufeyo?"

Zaka zonsezo, aka kanali koyamba kunditchula mwaulemu.

"Mpeni umenewo munati umafalitsa matenda," ndinatero. "Ndikuona mwakhala nawo bwinobwino. Simunadwale?"

"Aaa, achimwene, zakale zimenezo. Tinali ana tonse."

"Tinali ana, inde. Auzeni anthuwa mwana amene analamula sopo."

Mayi wina kumbuyo, amene sankamva bwino, anafunsa mokweza, "Ndiye sopoyo akuti tizithira kapena ayi?" Anthu anaseka, ndipo a Chirwa anakwera pa kuseka kumeneko ngati munthu wokwera basi ikuyenda. "Ayi, mayi, musathire wambiri. A Lufeyo, tikambirana tikamaliza."

Atamaliza anthu anawazungulira ndi mafunso. Dalaivala anayamba kuliza hutala, akuti ali ndi msonkhano wina ku Nsabwe. A Chirwa anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, akuyang'ana paphewa panga, n'kunena kuti tionana. Galimoto inanyamuka. Mpeni unali m'thumba la malaya, ndinkauona mmene unatukulira nsalu. Kaya anaiwala, kaya sanaiwale. Ndatopa nako kuganiza zimenezo.

Ndiye tamvera, Tadala. Thovu ilo ukachapire malaya a Yamikani, akufunika. Ku shedi upite ndi madzi oyera, uwaze kuchokera m'mwamba kudakali m'mawa kuti dzuwa liumitse. Kansonga kamene nsabwe zadzazana ukatsine n'kukataya kutali. Zikakanika tidzasungunula kasopo kochepa kwambiri m'chidebe chodzaza, tidzawaza osapukuta, kenako tidzatsukuluza. Chinkhupule chibwerere kumbale. Ndipo tsamba usaligwire kumaso.

Ukuti chiyani? Udzandigulira mpeni wina ukadzayamba ntchito? Yamba wamaliza sukuluyo, usandilonjeze za m'sitolo. Mipeni ili mbwee pamsika, ndikanafuna ndikanagula kalekale.

Za sukulu yanga sindiwerengeranso, amalume anapita nazo kumanda. Za msana uwu sindiwerengera, palibe angauwongole. Ngongole imene a Chirwa ali nayo kwa ine ndi yaing'ono, ngakhale mwana wa Sitandade 1 angaiwerenge. Mpeni umodzi wa timabowo titatu, ndi mawu awiri, onenedwa pagulu, ataimirira: "Ndinalamula ndine."